Nsengwa Zanga za ku Ulaya

Tsiku limenelo kunacha kukutentha kale. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo mapiri a ku Ntchisi ankaoneka mwa apo ndi apo chifukwa cha utsi wa lupsa. Nyenje zinayamba kulira tisanamange n'komwe ng'ombe pangolo. Ndimakumbukira gudumu lakumanzere limene linkalira posowa girizi, musi wa mayi wina ukugunda mumtondo kutsidya kwa dambo, ndiponso belu la tchalitchi chathu chaching'ono, lomwe linali chitsulo cha gudumu la lole chopachika mumtengo wa mkuyu. Panalinso kaphokoso kena kochokera m'makatoni amene ndinatsamira: tseketseke, tseketseke, ngolo ikangogunda mwala. Ndinakamva ndithu, sindingakane. Ndinangoti ndi nsungwi zikukhulana. Tsiku limenelo ndinali nditavala tayi, ndipo ndinaphunzira mochedwa kuti tayi imathina pakhosi koma chimene imatseka ndi makutu.

Izi zinachitika m'zaka zija za chipani chimodzi, bwalo la ndege la ku Lumbadzi likadali latsopano, ana akuthamangirabe panja ndege ikamadutsa. N'kuti nditapuma pantchito ya uphunzitsi, ndipo panali patapita madzinja atatu chimwalirireni mkazi wanga. Kumudziko, chakum'mawa kwa Mponela, ine ndinali mkamwini. Maliro atatha abale a mkazi wanga anandiuza kuti ndisachoke, ndipo ndinakhala, koma malire anga ndinkawadziwa. Munda unali wawo. Malo amene panali nyumba anali awo. Ngakhale mtengo wa mango umene ndinabzala ndekha, ana ankathyola zipatso zake osapempha, ndipo sankalakwa. Changachanga chinali chimodzi: anthu ankati aphunzitsi sanama. Akakangana za malire a dimba ankandiitana kuti ndinene pamene panali chitsa kale. Kalata ikabwera kuchokera kumigodi ankaibweretsa kwa ine, podziwa kuti ndiwerenga zomwe zalembedwa, osawonjezera, osachotsera. Lamulungu ndinkawerenga mawu kutsogolo. Chuma changa chinali chimenecho, ndipo ndinkachinyadira kuposa mmene mkhristu ayenera kunyadira kanthu.

Nkhani ya nsengwa inayamba ndi mlendo. Wansembe wa ku mishoni kwathu, mzungu, anabwera tsiku lina kudzachita Misa ali ndi mlongo wake amene anadzacheza kuchokera ku Ulaya. Pa nthawi ya zopereka amayi anabwera akuvina ndi nsengwa zawo, zija zazing'ono zokhala ndi chivundikiro, zimene madoda a m'mudzi mwathu amaluka ndi nsungwi za kumapiri. Mlendoyo sanasamale za mazira ndi nyemba zimene zinali m'katimo. Maso ake anali pa nsengwa. Anagula ziwiri n'kupita. Patatha miyezi kalata yochokera kwa mayiyo inafika. Inati ali ndi kasitolo kwawoko, anthu azikonda nsengwa zija, akufuna makumi asanu ndi limodzi, ndipo zifike Khirisimasi isanakwane. Zikayenda bwino aziitanitsa zina chaka ndi chaka. Wansembe anati ntchito yake ndi ya miyoyo, osati ya madengu, ndipo anandipatsa kalatayo chifukwa ndinkadziwa Chingerezi. Ndinaiwerenga kanayi ndisanafike kunyumba, ndipo pofika pakhomo n'kuti ndili kale munthu wa malonda akunja.

Oluka anali anayi. Mkulu wawo anali nkhalamba ya diso limodzi, mnzanga wa bawo, amene ankandigonjetsa tsiku ndi tsiku kwinaku akukoka fodya wa m'mphuno. Vuto loyamba linali lakuti kalata inati nsengwa zonse zikhale zofanana kukula. Oluka kwathu amayeza ndi chikhatho, ndipo aliyense Mulungu anamupatsa chikhatho chake. Ndinadula timitengo toyezera n'kupatsa aliyense kake.

"Aphunzitsi," anatero mnzangayo akukatembenuza kamtengoko, "kodi ku Ulayako anthu ake onse ndi a msinkhu umodzi?"

"Ayi, koma malonda akunja amafuna muyezo."

"Ine ndaluka zaka zonsezi popanda kamtengo. Ndani anabwezapo nsengwa yanga?"

"Palibe. Koma awa ndi azungu."

"Basi tiwalukira za kamtengo. Koma mukawauze kuti nsengwa yabwino imadziwa yokha polekera."

Ndinabweza nsengwa khumi ndi imodzi chifukwa chopyola muyezo ndi chala chimodzi. Ndinkaziyeza nditavala magalasi, pamaso pa anthu amene anayamba kuluka ine ndisanadziwe kumanga kabudula.

Vuto lachiwiri linali mapepala. Ndinkaganiza kuti kugulitsa kunja n'chimodzimodzi ndi kugulitsa pa Mponela, kungoti msewu wake ndi wautali. Ndinapita ku Lilongwe kasanu, khadi la chipani lili m'thumba la malaya kuti ndiloledwe kukwera basi. Ofesi ina inkapereka chilolezo chotulutsira katundu m'dziko. Ina inkafuna kudziwa njira imene malipiro adzalowere. Ina inatumiza munthu kudzapopera nsengwa mankhwala kuti zisakafumbwe m'dziko la eni, n'kulemba chikalata chotsimikiza. Ofesi iliyonse inkafuna kuona kaye pepala la ofesi inzake. Ulendo wina ndinapeza zitseko zonse zili zotseka, anthu atapita kukaima m'mbali mwa msewu kulandira alendo a boma, ndipo nanenso ndinakaima nawo, ndikuwomba m'manja chikwama chili kukhwapa. Kalata yopita ku Ulaya inkatenga milungu itatu, yankho lake milungu inanso itatu, kotero kuti kafunso kamodzi, monga kakuti chivundikiro chikhale ndi kachingwe kapena ayi, kankadya mwezi ndi theka.

Chikwama chimenecho ndinagula pa kaunjika pamodzi ndi tayi. Ndinapitanso kwa munthu wina pa Mponela amene ankasema zidindo pa zidutswa za matayala, n'kumuuza kuti andisemere changa, chokhala ndi chithunzi cha nsengwa pakati. Palibe ofesi imene inandifunsa chidindo. Ndinangoona kuti aliyense amene ankandibweza anali nacho.

Nsengwa zitatha, Lamulungu lina titatuluka m'mapemphero, ndinasonkhanitsa oluka ndi akazi awo pansi pa mkuyu kuti ndiwafotokozere za malonda akunja. Ndinalankhula nthawi yaitali. Ndinatchula mapepala onse m'Chingerezi, kenako n'kumasulira pang'onopang'ono monga ndinkachitira ndi ana a Sitandade 3. Ndinafotokoza za ndege, za nyanja zimene idzawoloke, za chisanu cha kumeneko chimene chimagwa ngati ufa. Ndinanena zonse kupatula chinthu chimodzi chokha chimene chinkafunika kunena.

Pa anthuwo panali alamu anga, akulu ake a malemu mkazi wanga. Iwowa ndiwo ankandisamala chimwalirireni mng'ono wawo. Ankandisesera m'nyumba, ndipo madzulo aliwonse ankanditumizira chakudya m'mbale yovundikira. Mbaleyo sindinkaibweza yopanda kanthu. Ndinkaikamo kamchere, kabokosi ka machesi, kapena mapeyala awiri. Mkazi wanga ndiye anandiphunzitsa zimenezi titangokwatirana, kuti chotengera sichipita kwa munthu chili chopanda kanthu.

"Alamu," anatero iwo nditamaliza, "mayi wogula nsengwayo ali ndi mwamuna?"

"Alibe. Sanakwatiwe."

"Ana?"

"Alibe."

"Nanga munda amamulimira ndani?"

Apa ndinaseka, kuseka kwa munthu amene wakwera basi kasanu. "Alamu, ku Ulaya kulibe zoti munda. Chilichonse amagula m'sitolo. Ngakhale nsinjiro, ngakhale tsabola."

"Mayo ine," anatero mayi wina kumbuyo. "Wopanda mwamuna, wopanda mwana, wopanda munda, kwinaku kuli chisanu."

Amayi onse anapukusa mitu, ndipo ine ndinakondwa poona kuti phunziro langa lalowa.

Lachitatu ndinalongedza ndekha: makatoni anayi, nsengwa khumi ndi zisanu m'katoni iliyonse, chivundikiro chilichonse pamalo pake. Ndinawayeza pa sikelo ya fodya ya mnansi wanga, n'kulemba kulemera kwake papepala, n'kumanga ndi chingwe cha khonje. Lachinayi ndinakwera njinga kupita pa Mponela kukatenga chidindo ndi kukameta. Kiyi ndinasiyira alamu monga mwa masiku onse. Ndinabwerako dzuwa litapendeka, ndinasuzumira m'nyumba n'kuona makatoni ali phee pakona, ndipo ndinakhala pakhonde n'kuyamba kuyesa chidindo changa pa nyuzipepala yakale mpaka tsamba lonse linadzaza tinsengwa.

Lachisanu ndilo tsiku la nyenje lija. Pokweza makatoni pangolo ndinamva kulemera, ndipo ndinadziuza kuti ukalamba wayamba. Mudzi wonse unandiperekeza mpaka pamtsinje. Amayi ankamwetulira modabwitsa, akukodolana. Ine ndinati akunyadira mphunzitsi wawo.

Ngolo inandisiya pamsewu wa tala, ndipo lole ya munthu wina wa ku Madisi, imene inkapita ku Lilongwe, inanditenga mpaka ku Lumbadzi. Kumalo olandirira katundu ndinapeza bambo wina wa zaka zapakati, wovala yunifolomu, wolankhula mofatsa. Anawerenga mapepala anga onse n'kunena kuti ali bwino, ndipo mawu amenewo ndinawamva kukoma mpaka m'mawondo. Kenako anatulutsa pepala lomaliza, lolumbirira kuti m'makatonimo muli zokhazo zimene zalembedwa.

"Munalongedza nokha, bambo?"

"Ndekha, ndi manja awa."

"Mulibe china chilichonse? Chakudya, mbewu, fodya?"

Yankho lake linali lalifupi, koma ine ndinaona kuti pafunika ulaliki. Ndinaimika dzanja ngati ndili m'khoti. "Bambo, ine ndaphunzitsa ana a anthu moyo wanga wonse. Ndimawerenga mawu m'tchalitchi. Mukafunse kwathu konse, kuyambira ku Dowa mpaka ku Ntchisi, akakuuzani kuti sindinanamepo. M'menemo muli nsengwa ndi mpweya basi."

"Kungosaina n'kokwanira," anatero iye.

Ndinasaina. Kenako ndinatulutsa chidindo changa n'kudinda pambali, pomwe panalibe malo a chidindo. Iye anangochiyang'ana. Anakweza katoni yoyamba pasikelo, anayang'ana muvi wa sikelo, n'kuyang'ana pepala. Anakweza yachiwiri.

"Kulemeraku kukusiyana kwambiri ndi zimene mwalemba."

"Sikelo yanuyi ndi imene ili ndi vuto," ndinatero, ine amene ndinayezera pa sikelo ya fodya yopachika mumtengo. Ndinawonjezera kuti nsungwi zimamwa chinyezi. Mu Okutobala, mvula isanagwe ndi dontho lomwe, tonse milomo itang'ambika ndi kuuma.

Anatenga mpeni kuti adule chingwe, ndipo m'pamene ndinayang'anitsitsa mfundo. Sinali yanga. Ine ndimamanga mfundo ya kusukulu, yomangira mabuku. Iyi inali mfundo ya mtolo wa nkhuni, yopota kawiri, yokhala ndi kamchira kokokera, ndipo manja amene amaimanga chonchi ndinkawadziwa bwino. Thukuta linatsika m'khosi n'kunyowetsa tayi.

M'nsengwa yoyamba munali mtedza wa chalimbana, wosankhidwa bwino, wopanda mphwephwa ndi imodzi yomwe. M'yachiwiri munali nyemba. M'yachitatu munali chikwatu cha masamba ouma. Apa wapolisi amene anaima pakhomo anasendera pafupi, ndipo m'chipinda monse munangoti zii, pakuti tonse tinkadziwa masamba ena ouma amene anthu amazembetsa. Ndinaiona ndende ndi maso angawa. Bambo uja anamasula chikwatucho, anafikisa masambawo m'manja, n'kununkhiza.

"Ndi khwanya uyu," anatero. "Wofutsa bwinonso."

Wapolisi anaseka, koma sanabwerere pakhomo.

Anatsegula zonse makumi asanu ndi limodzi, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe yopanda kanthu. Mapira, nthanga za maungu, tsabola, chimera, bowa wouma. M'nsengwa ina munali mbewa zinayi zowamba, zitagona mwaulemu patsamba la nthochi. Anthu a m'maofesi oyandikana anayamba kubwera kudzaonerera. Koma chimene chinandilasa kwambiri chinali m'nsengwa ya pansi penipeni: kampukutu ka fodya wa chingambwe. Fungo lake ndinkalidziwa, pakuti ndinkakhala nalo moyang'anana pabawo tsiku ndi tsiku. Ndiye kuti ngakhale madoda ankadziwa. Mudzi wonse unkadziwa, kupatula mwini chidindo.

Masiku amenewo mtedza ndi fodya sizinali zinthu zoti munthu wamba n'kutulutsa m'dziko. Zinali ndi msika wake wa boma, ndipo wozembetsa ankaonedwa ngati wakuba chuma cha dziko. Anandilowetsa m'kachipinda n'kundipatsa mpando. Bambo uja anatseka chitseko, nayenso n'kukhala pansi.

"Bambo, ine ndikudziwa chimene chachitika," anatero. "Kwathu n'ku Chisepo. Amayi anga sangatumize nsengwa yopanda kanthu ngakhale kwa munthu amene anawabera nkhuku. Koma pepala ili silidziwa amayi anga. Likudziwa inu, ndi dzanja munaimika lija."

Ndinayang'ana dzanja langalo, iye n'kupitiriza.

"Pali njira ziwiri. Mutchule amene anaika zinthuzi inu osadziwa, tilembe maina, apolisi akawafunse okha kumudziko. Mukatero inu mwayera. Kapena muvomere kuti munaika ndinu n'kubisa polumbira. Poti ndi zazing'ono ndipo n'koyamba, tingokulandani chilolezo n'kukuchenjezani. Koma zilembedwa."

Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinaganiza za Ambuye amene anasenza zolakwa za ena. Zoona zake n'zakuti ndinaganiza za galimoto ya apolisi ikuima pa mkuyu, alamu akukwezedwa kumbuyo ndi chitenje chawo cha ku Misa, ndi mmene mkazi wanga akanandiyang'anira. Ndinaganizanso, Mulungu andikhululukire, za amene azinditumizira chakudya madzulo. Zonsezi zinasakanikirana, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinalemera kuposa chinzake.

"Munaika ndinu?" anafunsa, cholembera chili m'manja.

"Eya, ndinaika ndine."

"Ndi mbewa zomwe?"

"Ndi mbewa zomwe."

Analemba. M'mawa ndinanama ndisakudziwa, nditaimika dzanja. Masana ndinanama ndikudziwa, nditaweramitsa mutu. Pa tsiku limodzi ndinamwaza chuma chimene ndinasunga moyo wanga wonse.

Zakudya zinatsala komweko. Nsengwa anandibwezera, pakuti chikalata cha mankhwala chinali chitatha mphamvu chifukwa cha zakudyazo, ndipo chilolezo chinali chitapita. Ngakhale akanandilola kuyambiranso mapepala, Khirisimasi ikanadutsa. Ndinalembera mayi uja kalata yaulemu, ndipo yankho lake linali laulemu koposa. Anati wamva chisoni, koma wapeza madengu kudziko lina kumene anthu anazolowera kutumiza katundu. Sanalembenso.

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike, pakuti mwini lole uja sanachoke mpaka mbewa zitatuluka, ndipo pobwerera anaima pa Mponela. Patatha masiku awiri wapampando wa chipani m'dera lathu anaitanitsa msonkhano. Sanali munthu wankhanza, koma nayenso anali ndi omufunsa kumtunda. Anati dera lathu lachita manyazi, ndipo anafunsa ngati panali wina amene anathandiza aphunzitsi pa zimenezi. Ndinayang'ana alamu. Iwo ankayang'ana zala za kumapazi awo. Ndinayang'ana mnzanga wa bawo. Diso lake limodzi lija linali pa kabotolo ka fodya ngati akukaona koyamba. Amayi onse amene anandiperekeza akumwetulira anali ngati miyala ya m'mtsinje. Sindinkafuna kuti aulule, ndikanawaletsa ndekha. Ndinkangofuna kuti wina atsokomoleko, kapena andiyang'ane. Ndinaimirira n'kunama kachitatu. Tambala yekha amene analipo anali wa pabaji ya chipani ya wapampando, ndipo sanalire.

Zotsatira zake sizinabwere ndi phokoso. Anthu a midzi yoyandikana anangoleka kundiitana. Pa mlandu wina wa malire, munthu atanditchula kuti ndikhale mboni, mnzake anati, "Mboni yake iti? Ija ya mbewa za pandege?" ndipo onse anafa nalo phwete. Ana anayamba kunditcha abwana a ku Ulaya. Ndinapempha ndekha kuti ndiyambe ndapuma kuwerenga mawu m'tchalitchi, ndipo palibe amene anandikakamiza kupitiriza. Nditakalapa kwa wansembe uja, ndinamva kuseri kwa nsalu munthu akulimbana ndi chifuwa chodzidzimutsa, kenako anandipatsa mapemphero ochepa kwambiri moti ndinakhumudwa nawo.

Ine sindine munthu wokalipa. Mkwiyo wanga umangokhala pansi n'kupinda miyendo. Ndinasiya kupita kubawo. Chakudya cha alamu ndinkadya ndithu, pakuti mkwiyowo sunafike pamimba, koma mbale ndinayamba kuibweza yotsuka bwino, yopanda kanthu. Ndinkaona ngati ndapeza chilango choopsa. Ndinachita zimenezi milungu itatu.

Mvula yoyamba itagwa, m'mawa wina fungo la dothi lili ponseponse, alamu anabwera okha. Anakhala pansi kumapeto kwa khonde, mbale ija ili pamiyendo.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Ndadzuka, kaya inu."

"Tadzuka. Mbale yangayi masiku ano ikumabwera ndi mphepo."

"Ndikuphunzira za ku Ulaya," ndinatero. "Kumeneko zotengera zimayenda zopanda kanthu."

"N'chifukwa chake sakwatiwa."

Ndinalimba kuti ndisaseke. "Munandipha, alamu."

"Munanena nokha pa mkuyu paja. Alibe mwamuna, alibe mwana, alibe munda. Ndiye munthu woteroyo atsegule nsengwa makumi asanu ndi limodzi, imodzi imodzi, n'kupeza mulibe ngakhale kanjere? Akanati kwathu kuno kuli anthu kapena zitsa?"

"Iye ankagula nsengwa, sankapempha chakudya."

"Nanga ife tinati agule? Zinali zongomupatsa."

"Bwanji osandiuza?"

"Mukanakana."

"Ndikanakana, inde!"

"Ndiye mwaonatu. Komanso masiku amenewo munkamva inu? Munthu akati mwadzuka bwanji, inu munkayankha za ndege."

Madzi ankadontha kuchokera ku udzu wa denga.

"Nanga pamsonkhano paja?" ndinafunsa. Limeneli ndilo linali funso langa lenileni.

Alamu anaitembenuza mbale ija kawiri. "Tinaopa," anatero. "Ine ndinafuna kuimirira, koma miyendo inakana. Chichokereni tsiku limenelo, ku Misa ndimakhala kumbuyo. Pachitsime tinauza aliyense zoona zake, m'mudzi muno palibe amene amati munanama. Koma midzi inayo sitingaifike ndi pakamwa."

"Dzina langa lapita, alamu."

"Lapita ndithu. Sitingalibweze." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenako anati, "Koma muthokoze kuti mng'ono wanga kulibe. Ameneyo akanaikamo mazira."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kuleka, pakuti zinali zoona. Akanaikamo mazira n'kuwakwirira ndi gaga kuti asasweke, ndipo akanandiperekeza mpaka pamtsinje akumwetulira kuposa onse. Mwambo umene unandigwetsa unali womwewo umene ndinkautsata ndekha madzulo aliwonse ndi kabokosi ka machesi. Ndinaloweza mapepala a maofesi atatu, n'kuiwala anthu amene ndakhala nawo zaka makumi atatu.

Masana ake mnzanga wa bawo anatulukira, thabwa la bawo lili kukhwapa, ngati palibe chimene chinachitika. Anakhala pansi n'kuyamba kuika nkhomo m'maenje.

"Fodya uja anali wabwino," anatero osandiyang'ana. "Ndinasankha wa pakati penipeni. Kaya akumukoka ndani."

"Munandisiya ndekha, akulu."

"Ndinakusiyani." Anaika nkhomo zina. "Ine ndakalamba, aphunzitsi, koma mantha sakalamba. Yambani ndinu."

Ndinayamba, ndipo anandigonjetsa monga mwa masiku onse.

Nsengwa zija tinagawana. Zina zinapita ku maukwati, zina zikadalipo m'tchalitchi mwathu ndipo amayi amavina nazo pa zopereka. Zonse n'zofanana kukula, moti alendo amadabwa nazo. Tayi ndinamangira chitseko cha khola la nkhuku, ndipo kumeneko inagwira ntchito bwino kuposa pakhosi panga. Kumidzi ya kutsidya sanandiitanenso pa milandu ya malire. Kwinakwake m'kabati ya boma muyenera kuti mukadali pepala lonena kuti ine ndinafuna kutumiza mbewa ku Ulaya, ndipo pansi pake pali dzanja langa. Nthawi zina ndimaliganizira.

Madzulo a tsiku limenelo mbale ya alamu inabwera monga kale. Nditadya ndinaitsuka, ndinapita kuseri kwa nyumba n'kuthyola mango awiri mumtengo wanga uja, umene si wanga. Ndinawaika m'mbalemo n'kuvundikira. Palibe amene anabwera kudzanena kuti pepani, ndipo ine sindinadikire. Ndinawakhululukira.